Apongozi Anga ndi Mdala wa pa Siteshoni

M'mawa uliwonse, ine ndisanayatse n'komwe mbaula, apongozi anga ankatuluka ndi kapu ya madzi ofunda othira mchere, n'kukaima pansi pa nthochi kuchukucha pakhosi. Katatu basi. Akalavula kachitatuko ankalowa muholo, n'kuyatsa chimkuzamawu, n'kugogoda maiki ndi chala.

"Mwadzuka bwanji mabenchi? Nsikidzi zagona bwanji?"

Mawuwo ankafika mpaka pokwerera basi za ku Kyela, ndipo anthu a mbali yathu ino ya Tukuyu ankadziwira pomwepo kuti seveni yakwana.

Dzina lawo sindilemba. Mtengwa satchula dzina la apongozi ake aamuna, sawayang'ana kumaso, sakhala nawo chipinda chimodzi, ndipo akawaona akubwera panjira amapatukira m'nthochi. Anzanga ambiri m'tauni muno anazisiya zimenezi, ena mpaka amakwera njinga yamoto imodzi ndi apongozi awo. Pakhomo pano zinalipobe, ndipo kunena zoona ine zinkandiyanja, poti si ine munthu wodziwa kuyankhula pamaso pa anthu. Pamsewu ankawatcha Kipaza, dzina la chimkuzamawucho m'Chiswahili. Limenelo ndi la pamsewu, ndikhoza kulemba.

Tinkati holo, koma inali shedi ya matabwa ndi malata, mabenchi khumi ndi awiri, tivi pashelefu, ndi katani wakuda pakhomo. Apongozi ankakhala pampando wawo chakutsogolo, atatsamira khoma la m'mbali. Filimu ikayamba ankaitsitsa mawu pang'ono n'kumaiyankhulira okha. Mwamuna, mkazi, mwana, ngakhale galu, onse ankayankhula ndi pakamwa pawo. Chizungu ankachidziwa chochepa chimene anatola ali mlonda ku esiteti ya tiyi. Za Amwenye ndi za Atchaina sankamva ngakhale liwu limodzi. Ankawerenga nkhope. Ankati munthu akamanama nsidze zimaulula, kaya ndi wa dziko liti.

Kuseri kwa khoma lomwelo n'kumene ine ndinkakazingira mandazi ogulitsa kwa olowa. Pakati pa msana wawo ndi chiwaya changa panali thabwa lokha. Ndiye zaka zinayi zimene ndakhala pakhomo pano mafilimu ndawamva onse, ena mpaka kuwaloweza. Pathabwapo panali kabowo, pamene mfundo inagwa, kokwana diso limodzi. Mafuta akamachedwa kupsa ndinkasuzumira. Ndinkaona tivi, mitu ya anthu a benchi lakutsogolo, ndi khutu lawo lakumanzere. Khutu limenelo ndikulidziwa bwino kuposa nkhope yawo.

Filimu ikatha anthu sankatuluka msanga, ankadikira chigamulo. Apongozi sankasiya filimu kuti ipite osaiweruza.

"Za Amwenye," ankatero, "ukhoza kutuluka kukataya madzi, kugula ndazi, kubwera, uwapeza akuimbabe paphiri lomwe lija."

"Za ku Nigeria, mfiti isanaphe munthu imayamba yamufotokozera theka la ola. Kuno kwathu munthuyo akanathawa kale mpaka ku Kiwira."

"Athu a ku Dar ndiye ayi. Mayi akudzuka m'mawa kwa amuna ake osauka, milomo yofiira kale, ndolo zili m'makutu. Anagona pati?"

Amene ankawatsutsa tsiku ndi tsiku anali a Mwakibete, telala wa pakhonde la sitolo yoyang'anana nafe. Ankasiya makina masana n'kudzakhala pabenchi lakutsogolo, chingwe choyezera chili m'khosi. Awiriwa anakulira limodzi, ndipo sindinamvepo atagwirizana pa chinthu.

Mkangano waukulu unkakhala pa 31 Disembala. Tsiku limenelo apongozi ankatulutsa bolodi panja n'kulembapo mphoto za chaka. Womenya bwino. Wolira bwino. Chigawenga chimene ungachigende utakumana nacho pamsika. Ndi imene ankaikonda kwambiri, ya womwalira bwino, chifukwa ankati ena akawomberedwa amagwa ngati akuopa kudetsa shati. Opambanawo sankamva n'komwe kuti apambana. Ngakhale mayina awo enieni sitinkawadziwa, tinkangodziwa amene apongozi anawapatsa, monga Kadazi ndi Mayi wa Maso Aakulu. Mphotoyo inali dzina lolembedwa ndi choko basi, mpaka mvula ya Januwale italifufuta. Koma anthu ankaima pamenepo kukangana mpaka nthochi kupserera pamoto kunyumba. Pawailesi akamanena za mphoto za kunja, zimene amapatsana zifanizo zonyezimira, apongozi ankatsonya.

"Amapatsa filimu imene munthu amangoyang'ana pawindo maola awiri. Adzabwere nayo muno aone ngati mabenchi atsale."

Panali filimu imodzi yokha imene sankaiweruza ngati zinazi, ya pa Khirisimasi. Ankaionetsa kamodzi pachaka, 3 koloko masana, anthu atakhuta mpunga. Inali pa tepi yakale imene anagula kwa dalaivala wina wa lole ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Chinenero chake ngakhale aphunzitsi a ku sekondale analephera kuchizindikira. Inkayamba mwadzidzidzi ndi kulira kwa sitima. Mdala wina woyang'anira kasiteshoni kakang'ono m'dziko lachisanu, kumene pansi ponse pamayera ngati pathiridwa ufa, amakhala ndi mtsikana. Mnyamata wa pakhomopo ali kutali kuntchito ya panyanja, amangotumiza makalata. Mtsikanayo amamuphikira mdala, amadya naye patebulo limodzi, amamumeta ndevu, amamumanga mpango m'khosi. Mdala akudwala, akugwa pachisanu. Pamapeto mnyamata uja akutsika sitima ya pa Khirisimasi.

Apongozi anamutcha mdalayo Mwasiteshoni, mtsikanayo Hobokela, mnyamatayo Isaya. Ankati Hobokela ndi Isaya ndi ana a mdalayo, munthu ndi mlongo wake. Akafika poti Hobokela akumeta mdala ankatsitsa mawu n'kunena kuti, "Mwana wamkazi, abale anga, sataya bambo ake." Amayi ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje chatsopano.

Vuto linali pamapeto, chifukwa Isaya akatsika sitima amamukumbatira Hobokela nthawi yaitali, mpaka kumupsompsona. Chaka chilichonse a Mwakibete ankadzutsa mutu pamenepo.

"Kipaza, kukumbatira kumeneko si kwa pachibale."

"Azungu ndi momwe amalonjerana, iwe. Ana inu musakayese kwanu."

"Ine ndili ndi alongo anayi."

"Alongo ako ndani angawapsompsone? Khala pansi, telala."

Anthu ankaseka, ndipo kuseka kumeneko kunali mbali ya Khirisimasi, ngati mpunga ndi nsapato zatsopano zothina.

Ine nditabwera holo inali itayamba kale kuzizira. Anthu ali ndi mafoni. Mafilimu amabwera pa fulashi atayankhuliridwa kale ndi anyamata a ku Dar, othamanga pakamwa, odziwa mawu a masiku ano. Masiku ena muholo munkakhala anthu asanu, awiri obisala mvula, mmodzi wogona. Mandazi ankatsala, tinkadya tokha mawa lake atalimba. Apongozi ankayankhulabe ngati mwadzaza, koma filimu ikatha ndinkamva akupuma mwamphamvu kuseri kwa thabwa, nthawi yaitali, asanadzuke.

Za maso awo ndinazindikira ndine. Tiyi ndinkawasiyira pakhonde n'kuchokapo, koma ndili kukhitchini ndinkaona akuthira chala chili m'kamwa mwa kapu. Zilembo za pabolodi zinayamba kukwera phiri. Mafilimu atsopano anayamba kuwakana, amvekere n'zachibwana, n'kumangobwereza akale. Koma chimene chinanditsimikizira ndi ichi. Kale ankakuwa chigawenga chisanamenye, "Cheuka iwe, ali kumbuyo kwako," anthu n'kumanjenjemera. Tsopano ankadikira chibakera chimveke, ndiye n'kunena kuti wamenyedwa. Ankatsatira ndi makutu.

Sindinauze munthu. Ndikanayamba bwanji? Akanandifunsa kuti maso a apongozi ako unawaona uli pati.

Amuna anga, a Ulimboka, amayendetsa njinga yamoto, ndipo amabwera atatopa, atanyowa, msana ukuwawa. Iwo ankafuna holo izionetsa mpira ndi mafilimu oyankhuliridwa kale. Ankangoti bambo ndi makani. Nkhaniyo inkabwera pakhonde pafupifupi sabata iliyonse, ine ndikumvera kukhitchini, mwana wathu Sekela ali kumsana.

Mu Novembala deki inatafuna tepi ija. Apongozi ankafuna kuipukuta fumbi ndi kuiyesa, ndiye inangolowa osatulukanso. A Ulimboka atatsegula anapeza yasanduka zingwezingwe. Apongozi anazigwiragwira ndi zala n'kukhala osadya mpaka madzulo.

Ndiwayamikire amuna anga. Anataya masiku awiri a ntchito ku Mbeya akuzungulira kwa anthu a makompyuta, akufotokoza za mdala, sitima ndi mpango, mpaka wina anaipeza. Anabwera nayo pa fulashi patatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ikwane.

"Nayi filimu yanu, bambo. Khirisimasi ino ndi yanu. Koma ikadutsa tikambirane za maiki."

"Palibe chokambirana. Anthu akadzaseka ine m'malo moseka filimu, maiki udzatenge. Akapanda kutero usadzaitchulenso nkhaniyi."

"Chabwino. Tiiyese kaye lero muone ngati ndi yomweyo."

"Wati mdala alimo? Sitima ilimo?"

"Alimo."

"Ndiye ndiyesenji? Zaka makumi awiri ndi ziwiri. Imeneyo ndikhoza kuinena nditatsinzina."

Ine kukhitchini ndinasiya kusenda nthochi. Ndinadziwa kuti akuopa kukhala awiriwiri ndi mwana wawo patsogolo pa tivi.

Pa Khirisimasi mvula inayamba tikutuluka m'tchalitchi ndipo sinasiye. Ndinali nditadzuka kusanache kukanda ufa, kuphika mpunga wa pilawu, kusambitsa mwana, ndipo pofika masana miyendo inali ngati si yanga. Komabe anthu anabwera. Pa Khirisimasi pokha ankabwera ngakhale amene ali ndi tivi kunyumba, chifukwa anazolowera kuyambira ali ana. Mabenchi khumi anadzaza. Munkanunkha sopo, mafuta odzola ndi zovala zonyowa. A Ulimboka anaima pakhomo. Ine ndinakhala pamalo panga pansi pa lata la kuseri, Sekela ali pamwendo akuyamwa, mandazi ali pamoto.

Ndinamva apongozi akukoka mpweya monga ankachitira chaka chilichonse.

"Sitima ikulira, abale anga, m'dziko lachisanu, kumene munthu akalavula malovu amafika pansi ali mwala."

Wina anaseka. Kenako ena. Sitima sinalire. M'malo mwake kunkamveka mabelu ndi nyimbo ina imene sindinaimvepo. Ndinaika diso pakabowo. Pa tivi panalibe sitima, panalibe chisanu. Panali tchalitchi, udzu wobiriwira, ndi anthu ovala bwino akulowa. Kunapezeka kuti amene anajambula tepi yakale ija anaiyambira pakati. Chiyambi chake sitinachionepo, tonsefe, zaka zonsezi.

Apongozi anakhala chete. Khutu lawo lija linatembenukira ku tivi ngati la munthu womvera kunja kwa chitseko. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Madala, magetsi athima pakamwa?"

Sindikudziwa kuti mtima ndinautenga kuti. Kuyankhula nawo sindikanatha, koma palibe lamulo loletsa mayi kuyankhula ndi mwana wake. Ndinayandikiza pakamwa pakabowo.

"Sekela, uwauze agogo ako kuti si sitima. Ndi tchalitchi. Pali ukwati."

Sekela anali ndi chaka ndi miyezi iwiri, bere lili m'kamwa.

Khutu lija linagwedezeka. Anatsokomola.

"Ndimakuyesani ngati mpunga sunakugonetseni. Ili ndi tchalitchi, abale anga. Chaka chino ndakubweretserani ndi mutu womwe, kale munkadya thupi lokha. Lero kuli ukwati."

Anthu anakhazikika. Kenako ndinamva chikhatho chikutseka maiki, ndipo mawu awo anabwera chapansipansi pathabwa. M'zaka zinayi anali asanayankhulepo cholunjika kumene ndili.

"Sekela, funsa amayi ako. Mdala alipo?"

"Sekela, alipo. Wavala jekete lakuda, alibe chipewa. Akuseka."

"Taonani a Mwasiteshoni lero," anatero pa maiki. "Jekete lobwereka, manja afupika. Telala wake ndi Mwakibete."

Holo yonse inaseka, ndipo kunali kuseka kwabwino. Tinayenda choncho kwa kanthawi. Ine ndinkati akulowa, akhala pansi, wansembe watsegula buku, iwo n'kumazivekerera mawu. Mpaka mkwati anatembenuka.

"Sekela, akukwatira ndani?"

"Ndi Isaya."

"Mkazi?"

Anali atafunda nsalu yoyera kumaso. Isaya anaikweza. Ndinachotsa diso pakabowo, n'kulibwezeranso. Muholo munayamba phokoso la anthu onong'onezana.

"Sekela, funsa msanga."

"Sekela," ndinatero, "uwauze agogo kuti ndi Hobokela. Akumuveka mphete. Makolo ake a Hobokela alipo, ena, akhala mbali inayo."

A Mwakibete anali ataimirira kale.

"Kipaza, tatiuza bwinobwino. Kumeneku n'kulonjerananso?"

Kuseka kwake kunagwedeza malata. Mnyamata uja anati kwa azungu mlongo ndi wotchipa, salipira ng'ombe. Apongozi anadikira. Ine ndinkaganiza kuti apeka china, chifukwa kupeka ankakudziwa. Akanatha kunena kuti ndi maloto a mdala, kapena kuti ndi mapasa. Koma anthu anali ndi maso, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

"Khala pansi telala, wawina," anatero. "Uyu si mwana wake. Ndi mtengwa."

Pamenepo sitima inalira, chisanu chinayamba, filimu imene tonse tinkaidziwa inabwera. Koma sinalinso yomweyo. Hobokela atakhala patebulo limodzi ndi mdala, kuyang'anana naye m'maso, amayi achikulire anayamba kutsonya. Atatenga lumo n'kumugwira chibwano, mayi wina wa kwaya anadzuka, anakoka zidzukulu zake ziwiri n'kutuluka m'mvula. "Zaka zonsezi takhala tikulirira zopanda ulemu," anatero pakhomo. Achinyamata ankangoseka chilichonse. Apongozi mawu onse anali atawaloweza ndi "bambo anga", ndiye ankati akayamba n'kuima, kufuna mawu ena, osawapeza. Mtengwa amati chiyani kwa apongozi ake akumawameta ndevu? Kuno palibe anamvapo. Pamene ankanena kuti mwana wamkazi sataya bambo ake anangodutsapo chete.

Kenako mvula inakula. Inagunda malata mpaka mawu a tivi osamvekanso, ndipo iwo ankadalira mawuwo kuti adziwe pamene tafika. Anayambanso kufunsa. Ine ndinkayankha, pakamwa pali pathabwa, madzi akudontha pamsana. Wayatsa nyali. Akuwerenga kalata. Watuluka panja. Ankatseka maiki, kufunsa, kutsegula, kunena. Kutseka, kutsegula. Anali atatopa, ndinkamva m'kapumidwe. Ndiye nthawi ina anaiwala kutseka.

"Sekela, funsa amayi ako, mdala wagwa kale kapena akuyendabe?"

Zinatuluka pa chimkuzamawu. Zinamveka muholo, pamsewu, mwina mpaka kokwerera basi. Pa tivi mdala anali gone pachisanu, aliyense akumuona.

Panalibe anaseka poyamba. Kenako mnyamata uja anati, "Ohoo, madala akuonera pa mtengwa," ndipo anzake anaphulika. A Mwakibete anatembenuka n'kumuuza kuti atseke pakamwa asanamusoke milomo.

Ndinamva mapazi m'matope. A Ulimboka anazungulira kuseri n'kundipeza nditagwada pathabwa. Mandazi anali atada bii, mafuta akufuka. Anachotsa chiwaya pamoto n'kuima pamenepo, mvula ikuwagwera paphewa.

"Saona?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Unadziwa liti?"

"Chaka chatha."

Anapukuta kumaso ndi chikhatho. Ndinkadikira kukalipiridwa. Anangomutenga Sekela pamwendo panga, kenako n'kumubwezeranso, poona kuti popanda iye sizitheka.

"Pitiriza," anatero. "Amalize."

Tinamaliza. Sanatsekenso maiki, panalibenso chobisa, ndiye anthu anamva mafunso onse mpaka kumapeto. Ena anatuluka. Ena anayamba kuyankha okha kuchokera m'mabenchi, wina akuti wadzuka, wina akuti ayi sanadzuke, zimene zinkangosokoneza. Isaya atatsika sitima n'kumupsompsona Hobokela panalibe woseka, ndipo a Mwakibete sanadzutse mutu. Anthu amene anatsala anadikira chigamulo monga mwa masiku onse.

"Yatha," anatero apongozi. "Samalani matope potuluka."

Ndinaona pakabowo akuzula chingwe cha maiki, akuchikulunga padzanja bwinobwino, n'kuitana a Ulimboka.

"Bambo, zimenezi tikamba mawa."

"Anaseka ine. Unamva wekha. Tenga."

A Mwakibete anatsala anthu onse atapita. Anakhala nthawi yaitali akuseweretsa chingwe chawo choyezera.

"Kipaza, ine ndinkangokutsutsa kuti tsiku lithe. Sindinkafuna kuwina."

"Wawina basi. Ndigwire mkono, pakhomo apa pamaterera."

Masiku otsatira anali olemera. Pampopi amayi ankati akandiona n'kuyamba kufunsana mokweza kuti Sekela, funsa amayi ako ngati ndowa yadzaza. Ine ndinkangoyang'ana pansi. Azakhali a amuna anga anabwera kuchokera ku Kiwira ndi ambulera yawo, anakhala pakhonde n'kunena kuti pakhomo pano paonongeka, mtengwa akunong'onezana ndi apongozi ake tauni yonse ikumva. Apongozi anawasiya amalize.

"Mlongo wanga, mwanayu sanayankhulepo ndi ine. Ankayankhula ndi mwana wake. Inenso ndinkayankhula ndi mdzukulu wanga. Ngati pali mlandu kamuzenge Sekela."

Azakhali anamwa tiyi n'kubwerera tsiku lomwelo.

Pa 31 Disembala a Mwakibete anabwera ndi choko m'thumba la shati, anati iwo alemba, Kipaza angotchula. Apongozi anakana. Anati sangapereke mphoto ya womwalira bwino pamene chaka chonse sanaone ndi mmodzi yemwe akugwa. Anthu angapo anadutsa, anayang'ana pamene bolodi linkaima, n'kupitirira.

Sabata yoyamba ya Januwale holo inayamba mpira. Imadzaza, sindinganame. Mandazi amatha. Phokoso lake ndi lina, la anthu ambiri okuwa nthawi imodzi, ndipo Sekela amadzidzimuka nalo. Mpando wawo a Ulimboka anautulutsa n'kuuika pakhonde la nyumba. Apongozi ankakhala pamenepo tsiku lonse, manja ali pamaondo, osafunsa kuti wagoletsa ndani. Mawu awo popanda chimkuzamawu anali aang'ono, ngati a munthu wina.

Alamu anga a ku Mbeya anatumiza uthenga kuti abwera kudzawatenga, akakhale kwawo pafupi ndi chipatala. Akuti ng'ala amachotsa, mwina diso limodzi likhoza kubwerera. Apongozi sanakane, sanavomere. Anangofunsa ngati ku Mbeya kukugwanso mvula chonchi.

Tsiku lonyamuka ndinawachapira, ndinawasitira, ndinalongedza chikwama n'kuchiika pakhomo. Galimoto inati ifika naini, koma teni inakwana isanaoneke. A Ulimboka anapita kumsewu kukaidikira. Pakhomo tinatsala atatu. Iwo anali pakhonde atavala jekete, atandifulatira. Ine ndinali pakhomo la khitchini ndikusankha nyemba. Sekela anayenda dendedende kuchoka kwa ine mpaka anakagwira buluku lawo, n'kuyamba kukoka batani la jekete.

Anamupapasa kumutu.

"Sekela, galimotoyi ichedwa. Kawauze amayi ako kuti ngati manja ali ndi mpata, akufotokozere za ukwati uja kuyambira pachiyambi. Tsiku lija ankathamanga, mvulanso inachuluka. Anene pang'onopang'ono. Ndikufuna ndimve kuti mdala uja anaima pati, mtengwa wake atalowa anamuyang'ana bwanji, ndiponso ngati anavina."